Kachithunzi ka ku Japan kapindika, ndikaike mu puresi?

Wamafulemu wa ku Limbe: Akuluakulu thandizeni. Kasitomala wabweretsa kachithunzi ka ku Japan kaja kodinda ndi matabwa, mwina 21 cm kwa 18 cm basi. Pali kambale ka tiyi, kotakasira ka nsungwi kooneka ngati katsache, kasupuni kansungwinso, ndi malemba pamwamba. Pepala lapindikapindika, kumbuyo wina anamatapo tepi ndiye yasiya chikasu. Mwiniwake akufuna kawongoke, ine ndimati ndikanyowetse pang'ono kenako mu puresi yotentha ndimate pa bolodi. Zitheka?

Wa ku Cape Town: Ayi achimwene, zimitsani puresiyo kaye! Saizi imeneyo ndi ndakatulo pamwamba, ameneyo akuoneka ngati surimono. Sizinali zogulitsa pamsika izi, magulu a alakatuli ndi amene ankaitanitsa zochepa chabe nkumapatsana pa chaka chatsopano, makamaka cha m'ma 1810 mpaka 1830, ojambula ake ndi anthu ngati Kubo Shunman ndi Totoya Hokkei. Tengani tochi muwunike chammbali mutiuze mukuona chani.

Wamafulemu wa ku Limbe: Eee pa kotakasira paja pali timizere totukuka koma topanda utoto, komanso pa kambale pakunyezimira

Wa ku Cape Town: Ndi zomwezo. Timizereto amati karazuri, amatsindika pepala pa thabwa lopanda inki, ndiye puresi ikangodutsapo tafafanizika basi sitibweranso, ndipo mtengo wa chithunzicho wathera pompo. Zonyezimirazo ndi ufa wa zitsulo, musapukute ndi chala.

Mayi wa ku myuziyamu: Madzinso iwalani bambo. Utoto wakale wa buluu wa duwa la tsuyukusa amathawa ndi kadontho kamodzi, wofiira wotchedwa beni amasuluka ndi dzuwa. Kupindikako musalimbane nako, ikani mat (kabolodi kozungulira chithunzi mkati mwa fulemu) yokhuthala yopanda asidi kuti pepala lisakhudze galasi, mulipachike ndi timapepala tiwiri ta washi (pepala lachikhalidwe la ku Japan) kumtunda kokha. Galasi likhale lotchinga UV, kuwala kwa dzuwa kosulutsa utoto.

Wina wa ku Area 25: Koma mwina ndi kope chabe, ku Akashi, mzinda wa ku Japan komweko, anadindanso ma surimono ambiri cha m'ma 1890. Tepiyo bwanji osangothira thinner?

Mayi wa ku myuziyamu: Kope la 1890 nalonso lapitirira zaka 100, sitiseweretsa. Thinner imalowetsa guluu mkati mwa pepala chikasu nkutulukira kutsogolo. Ngati tepi yauma ikudzichokera yokha inyamuleni pang'onopang'ono, ikakana isiyeni, imeneyo ndi ntchito ya katswiri wa mapepala.

Wamafulemu wa ku Limbe: Chabwino mayi. Nanga chomatira, ufa wa tirigu wa mandasi uja ungathe?

Mayi wa ku myuziyamu: Ayi, sitachi ya tirigu yokhayokha, muiphike, izizire, musefe. Mukaisowa ikani timakona tapepala lopanda asidi, chithunzicho chisaone guluu nkomwe. Ndipo kasitomalayo mumuwunikire ndi tochi aone yekha timizereto musanayambe, kuopa kuti mawa adzakane kulipira ati simunawongole.