Nkhope ya malemu ikukana kufanana, ndipo chiliza ndi mwezi uno

Wapensulo: Akuluakulu, ndabwera ndi vuto. Ndine watsopano pa ntchito yojambula nkhope ndi pensulo. Bambo ena andipatsa ntchito yojambula malemu mayi awo pa pepala la A3, akufuna akachiike mu felemu tsiku la chiliza kumapeto kwa mwezi uno. Chithunzi ananditumizira pa WhatsApp, ndipo anachita kuchijambula ndi foni chili m'galasi pakhoma. Nditamaliza ndawatumizira, ayankha kuti duku ndi lomwelo koma nkhope si ya mayi awo. Inenso ndikuona kuti khungu latuwa ngati adzola phulusa, ndipo pomwe ndinadetsa kwambiri pakunyezimira ukapendeketsa pepala. Ndili ndi mapensulo a HB ndi 2B basi. Ndikonze chomwechi kapena ndiyambirenso?

Mayi a Studio: Achimwene, pensulo iyambe yapuma. Simungajambule chomwe simukuchiona. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, ndiye tizinthu tomwe timapangitsa munthu kukhala iyeyo, makwinya a m'mbali mwa maso, kakhalidwe ka milomo, timasowa. Onjezanipo galasi ndi dzanja lopendekeka la wojambulayo, nkhope yatalika kale musanaiyambe.

Apempheni achichotse mu felemu, achigoneke pa tebulo pafupi ndi windo masana, pasagwe dzuwa, azimitse flash, foni ikhale pamwamba penipeni. Asayandikitse kwambiri foniyo. Potumiza asankhe Document, osati Gallery, kuti chifike chathunthu. Ngati ali pafupi, kachitengeni nokha mukachisikane pa 600 dpi (muyezo wa timadontho ta sikani) chifukwa zithunzi zakale zimakhala zazing'ono. Mupemphenso zithunzi zina za malemuwo, ngakhale cha pa chitupa.

Kamakala: Kunyezimirako ndi khalidwe la pensulo, aise. Ukaikanikiza imapsinja pepala, pamalopo pamasalala n'kumabweza kuwala, ndipo sipadanso kuposa pamenepo ngakhale ukhule tsiku lonse. Ndi 2B khungu lakuda sungalifikire. Peza mapensulo ofewa komanso akuda kwambiri a 4B, 6B ndi 8B, ndi pensulo imodzi yamakala ya mokuda kwenikweni: mboni za m'maso, m'mphuno, pansi pa chibwano, mumthunzi wa duku. Koma makala ayambe ndi iwo. Pamwamba pa pensulo sagwira, amaterereka. Chakalecho chisiye, pepala lake latha kale.

Mnyamata wa Photoshop: Bwanji osangochilowetsa mu app ya AI yowongola zithunzi zakale? Kamphindi kochepa chimatuluka chowala bwino, kenako muzijambula kuchokera pamenepo.

Mayi a Studio: Ayi mwanawe, pa malemu ayi. Ma app amenewo sabweza zomwe zinasowa, amangopeka zomwe akuganiza kuti zinalipo. Amasalaza khungu, amawongola mano, amaika maso a munthu wina. Mlendo angachikonde, koma mwana wa malemuyo adzangoti awa ndi ndani. Vuto la achimwenewa ndi kufanana komweko.

Chomwe mungachite pa foni ndi chochepa ndipo n'chokwanira. Mu Snapseed, app yokonzera zithunzi yomwe ndi yaulere, wongolani kupendekeka ndi Perspective, sandutsani chithunzi kukhala Black & White, kenako ndi Curves kwezani pang'ono mbali zakuda mpaka muone zomwe zabisala mumthunzi. Mupulinte ziwiri pa A4, china chowala chooneramo tizinthu ta mumthunzi, china chosakhudza chokuuzani mmene khungu linalili. Kujambula ukuyang'ana pa foni kumanamiza, chifukwa sikirini ili ndi kuwala kwake pomwe pepala lilibe.

Madala a Zikwangwani: Ife tinakulira pa mabokosi, ndipo mpaka lero ndikapatsidwa khoma la golosale ndimayamba ndi rula. Mwana wanga, pa chithunzi cha A4 lemba mizere yotalikirana masentimita 2, choimirira ndi chopingasa. Pa A3 lemba yotalikirana masentimita 2.8, popeza A3 imaposa A4 ka 1.41 m'litali ndi m'lifupi momwe. Mabokosi achuluke mofanana uku ndi uku, uwapatse manambala, ndipo ulembe mopepuka ndi HB kuti adzafufutike. Pa maso, mphuno ndi pakamwa ugawenso bokosi lililonse panayi.

Ukatero usajambule diso, jambula mzere womwe uli m'bokosimo. Ophunzira ambiri amajambula diso lomwe lili m'mutu mwawo, lalikulu, lokongola, lokwera pamphumi. Maso a munthu wamkulu amakhala cha pakati pa mutu, kuchokera pachibwano kufika pamwamba. Mayi wokalamba zikope zimagwa, diso lina limachepa kuposa linzake. Zisiye choncho. Ukawakongoletsa wawachotsa.

Wapensulo: Zikomo bambo. Koma mabokosiwo si kubera? Anzanga ena amati wojambula weniweni amayeza ndi maso.

Madala a Zikwangwani: Anzakowo adzakhalapo pa chiliza? Aiguputo akale ankalemba mabokosi pa makoma asanajambule anthu awo. Maso uwaphunzitse madzulo pa kope lako, ujambule ana apakhomo, manja ako, ketulo. Ntchito ya ndalama uyeze.

Aphunzitsi a Luso: Ndionjezeko pa kutuwa kuja, chifukwa sindikhulupirira kuti ndi pensulo yokha. Ndikuganiza kuti munapaka nkhope yonse mofanana kenako n'kusisita ndi chala. Ndi zoona?

Wapensulo: Ndi momwemo aphunzitsi.

Aphunzitsi a Luso: Chala chili ndi mafuta, chimadetsa pepala ndipo pomwe chadutsa sipafufutika bwino. Gwiritsani thonje kapena tishu, ndipo pansi pa dzanja muike pepala lina. Koma chachikulu ndi ichi. Khungu lakuda silikhala lakuda paliponse. Limawala kwambiri pamphumi, pamwamba pa masaya, pamsana pa mphuno ndi pa mlomo wam'munsi, kenako limada msanga polowera m'mbali. Kusiyana kumeneko ndi komwe kumaonetsa mafupa a nkhope, ndipo achibale amamuzindikira munthu ndi mafupawo kuposa mizere. Mukasisita zonse kukhala pakatikati, mafupa aja apita.

Musanayambe, lembani timabokosi 5 m'mphepete mwa pepala lina, koyamba koyera, komaliza kakuda kotheratu ndi makala, tinato tikhale pakati. Tsinzinani pang'ono poyang'ana chithunzi, muona nkhope ikugawika m'zigawo zikuluzikulu. Chigawo chilichonse chipatseni nambala yake. Yambani mopepuka, muzibwereza pamwamba pake m'malo mokanikiza. Powala kwambiri musiye pepala lokha, kapena mutolepo ndi rabala yofewa ija yokanyika ndi zala.

Awiri amene amapusitsa ndi maso ndi mano. Choyera cha m'diso si choyera, chili mumthunzi wa chikope, chipatseni 2. Mano musawazungulize mzere limodzilimodzi, ingoonetsani nkhama ndi mthunzi wa m'mbali. Duku lichepetseni mphamvu. Ngati bambowo alizindikira lisanazindikirike tsaya, ndiye kuti ndi lomwe munalipatsa nthawi.

Kamakala: Komanso uzichiyang'ana pa kalilole, kapena utembenuze zonse ziwiri chadodolido. Chopotoka chimaonekera pompo.

Wapensulo: Ndabwerako kwa bambo aja. Chithunzi chenichenicho ndi chaching'ono koma chooneka bwino. Mayiwo anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo ndi mphini ziwiri pafupi ndi khutu lakumanzere, zonsezi pa WhatsApp panalibe. Nkhope yawonso ndi yozungulira kuposa yomwe ndinajambula. Mabokosi ndalemba kale, 6B ndi makala ndapeza, 8B yasowa.

Kamakala: 6B ndi makala zikukwanira.

Mayi a Studio: Mukangomaliza mizere, musanayambe mithunzi, atumizireni aone, ndipo aonetsenso achemwali awo ngati alipo. Kukonza mphuno pamenepo n'kosavuta. Za mphinizo afunseni kaye, ena amafuna zioneke, ena ayi.

Wapensulo: Nanga ndikamaliza ndichilaminete kuti makala asachoke?

Aphunzitsi a Luso: Musayerekeze, pulasitikiyo ikamata siidzachokanso. Chiwazeni fixative, sipuleyi yothandiza kuti makala asachoke pa pepala, muli patali pang'ono, mopepuka, kawiri. Ikasowa ena amawaza sipuleyi ya tsitsi, koma imachititsa pepala chikasu pakapita zaka, ndipo ichi adzachisunga nthawi yaitali. Auzeni opanga felemu aike katoni yodula pakati kuti galasi lisakhudze chojambulacho.