Mabuku a zithunzi a ana m'Chichewa, anzanga mumawapeza kuti?

Make_Tada (Dedza boma)

Moni nonse pano, ndithandizeniko maganizo. Ndili ndi ana awiri, wamkulu ali Sitandade 2 wamng'ono ali ndi zaka 4 amapita ku mkombaphala. Wamng'onoyu akangoona pepala lililonse la chithunzi amalikakamira, olo kalendala yakale ya kutchalitchi, olo kapepala ka pa paketi ya mbewu, nde ndinati bola ndizimugulira timabuku ta zithunzi. Vuto ndi loti tomwe ndimatipeza pamsika kuno ndi ta kaunjika tachingerezi, tija amatiyala pansi limodzi ndi zidole ndi zikwama, mkatimo muli chimbalangondo chovala jekete, ana akusewera pa sinoo, agogo a ndevu zoyera akulowera pa chumuni. Mwana amandifunsa kuti amama ichi nchani, ine nkumangoti ndi chigalu chachikulu kkkk. Kwinaku bambo ake akuti ndikungotaya ndalama poti mwanayo sanayambe kuwerenga komanso amang'amba.

Nde kodi mabuku a zithunzi a Chichewa alipo? Mumawapeza kuti? Nanga wa zaka 4 ndimuyambitse kapena ndidikire alowe kaye sukulu? A Chichewa omwe ndawaonako ndi akusukulu okha koma wamkuluyu sabwera nawo kunyumba, ati aphunzitsi amatolera akaweruka.

Madamu_Std1 (Ntcheu)

Mayi musadikire ayi. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 1 kuno ku Ntcheu ndipo sabata yoyamba yomwe timamudziwa mwana amene anagwirapo buku kwawo. Osati kuti amawerenga ayi, koma amaligwira bwino, amadziwa kuti timayambira tsamba la kumanzere, amatsegula limodzilimodzi. Anzake ena amalizondotsa, ena amayambira kumapeto, ena amangolinunkhiza kkkk, nde muganize mkalasi muli ana opitirira 100 mphunzitsi mmodzi, amene wabwera akudziwa kale timeneti amakhala watsogola kutali.

Za mabuku akusukuluwo, chiyambireni National Reading Programme mu 2016 mabuku a Chichewa ndi Chingerezi a makalasi oyambirira, aja amakonza a Malawi Institute of Education (MIE) ku Domasi, cholinga chinali choti mwana azipita nalo kunyumba akawerenge ndi makolo. Kungoti m'masukulu ambiri atsala ochepa, ena anang'ambika ena ananyowa ndi mvula, nde aphunzitsi amaopa kuti akapereka sabwerera. Pitani mukaonane ndi ahedi mwaulemu, munene kuti muzisainira Lachisanu nkubweza Lolemba, ambiri savuta akaona kuti kholo lili ndi chidwi. Mufunsenso ngati ali ndi timabuku tankhani toonjezera, nthawi zambiri timangogona mkatoni mu ofesi. Kwina ndi ku National Library Service, iwo anasindikiza timabuku ta ana totchedwa Werengani, tina m'Chichewa tina m'Chingerezi, nkhani zake zakonkuno. Likulu lawo lili ku Lilongwe, inu a ku Dedza ndi pafupi, mukapita kutauni mudzadutseko. Mukafunsenso m'mashopu a mabuku ngati CLAIM za nkhani za m'Baibulo za ana.

Koma chachikulu ndi mmene muziwerengera naye. Wa zaka 4 musamuvutitse ndi a e i o u, imeneyo tisiyireni ife. Mkhazikeni pamiyendo, tsegulani buku, mufunseni ukuona chani apa? mbuziyi ikupita kuti? nanga mayiwa akwiyiranji? Musanatembenuze tsamba mufunseni kuti ukuganiza chichitike nchani. Mukamawerenga muziyendetsa chala pansi pa mawu, pang'onopang'ono amazindikira yekha kuti zomwe mukuyankhulazo zikuchokera pa timalembo takudato. Akafuna buku lomwelo tsiku ndi tsiku musatope, mudzaona akukutsogolerani mawu, mukadumpha tsamba akukugwirani dzanja kuti amama mwanama. Wa Sitandade 2 uja muzimupatsa awerengere mng'ono wakeyo, maphatikizo amakhazikika msanga mwana akamaphunzitsa mnzake.

Mjoni_waku_Lizulu

Asisi ngati muli ndi foni ya WhatsApp nkhani yatha. Lowani pa intaneti musake African Storybook, ndi ya bungwe la Saide la kuno ku Johannesburg, muli nkhani za ana za zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa ndipo ndi zaulere, kudawunilodi ndi kuprinta ndi kololedwa. Pamalo posankha chilankhulo musake Chichewa komanso musake Nyanja, kungoti za ku Zambia kalembedwe kamasiyana pang'ono, pomwe ife timalemba ch iwo amalemba c yekha, nde kwa wa Sitandade 2 uja muzisamala angasokonezeke. Nkhanizo anaziika m'malevulo kuyambira 1 mpaka 5, levulo 1 ndi timawu tochepa pa tsamba chithunzi chachikulu, ameneyo ndi wa kamng'onoko. Zithunzi zake ndi ana akuda ngati athu omwewa, msika, minibasi, nkhuku, agogo atavala duku, palibe za zimbalangondo.

Ine ana anga ali kumudzi ndi amayi awo, ndimatumiza PDF kenako usiku ndikaweruka ndimajambula voisi ndikuwerenga tsamba ndi tsamba, ndikamaliza tsamba ndimaomba mmanja kamodzi kuti adziwe potembenuza. Amayi awo amati kamwana kanga kakakazi kamamvera voisi imodzi kambirimbiri mpaka batire kutha, nde pamakhala nkhondo poti kotchajitsa ndi kumsika. Chifukwa chake bola kuprinta basi, foni mwana amayamba buku nkuthera pa TikTok. Pitani pa steshonale aprinte, mupinde pakati amenye stepula, chikuto mumate selotepu yaikulu ija. Akang'amba simudandaula kwambiri poti failo ilipo.

Madala_wa_Tsangano

Ine ndisiyaneko nanu pang'ono, mundikhululukire aphunzitsi. Mayi mabuku a kaunjikawo musawataye. Chichewa mwana achimva kale kunyumba, kuchigayo, kumjigo, paliponse, koma Chingerezi achimva kuti? Akafika Sitandade 5 pafupifupi chilichonse ndi Chingerezi, mayeso a Sitandade 8 ndi Chingerezi, ku Fomu 4 ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe olo ukhoze masamu bwanji. Ife a nthawi ya mabuku akusukulu a Timve ndi Tsala tikudziwa mmene tinavutikira. Ndipo mwana kuona chimbalangondo cholakwika nchani? Nafenso njovu tinayamba kuiona pa chithunzi, ena mpaka lero sanafike ku Liwonde kukaiona yeniyeni.

Ngati vuto ndi zithunzi zachilendo, alipo mabuku achingerezi koma nkhani yake ya kwathu konkuno. Lilipo lotchedwa Galimoto la Karen Lynn Williams, linatuluka mu 1990, mayi ameneyu anakhalako kuno ku Malawi, nkhani yake ndi ya kamnyamata koyendayenda mmudzi kusaka mawaya kuti kapange galimoto. Mdzukulu wanga atangoliona mawa lake waya woyanikira zovala anasowa kkkk. Lina ndi la William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, The Boy Who Harnessed the Wind, lilipo la akuluakulu komanso la ana la zithunzi lomwe linatuluka mu 2012, zojambula za Elizabeth Zunon. Mnyamata ameneyu anasiya sukulu nthawi ya njala ija ya 2001 ndi 2002 poti fizi inasowa, nkumakabwereka mabuku pa kalaibulale ka pa pulaimale. Buku lomwe linamutsegula mutu linali lachingerezi, iye Chingerezi chinkamuvuta, amangotsatira zithunzi ndi madayagiramu mpaka anapanga makina a mphepo opanga magetsi ali ndi zaka 14. Nde tikamati buku lachingerezi nlopanda ntchito kwa mwana wakumudzi ine sindimavomera. Kupeza kwake awiriwa nkovutirapo, tumani achibale akutauni kapena a Mjoni ali pamwambawa.

Madamu_Std1 (Ntcheu)

Bambo palibe wanena kuti atayidwe, onse awiri akhale mnyumba. Koma kuwerenga kwenikweniko mwana amakugwira msanga mchilankhulo chomwe amalotera. Chichewa chili ndi malembo a liwu 5 okha ndipo chimawerengedwa mmene chalembedwera, akadziwa ma me mi mo mu ndi ta te ti to tu wayamba kale kulumikiza mawu okhala ndi tanthauzo kwa iye. Chingerezi lembo limodzi limamveka mosiyanasiyana, nde mwana amangoloweza ngati nyimbo osamva kanthu, timawaona amenewa akuimba tsamba lonse buku lili chozondoka. Amene wadziwa kuwerenga Chichewa Chingerezi sachedwa nacho. A kaunjikawo mayi muzimufotokozera nkhaniyo m'Chichewa mukuloza zithunzi, nkumaponyamo liwu limodzi awiri achingerezi. Komanso muziyamba mwaliona nokha musanagule, ena masamba apakati anachoka kale ena ana akwawoko anakhwatchakhwatcha.

NaPhiri_Mtakataka

Zikomo poyambitsa nkhaniyi achemwali. Ife kuno kunsi kwa phiri shopu ya mabuku kulibe, netiweki nayo imachita kusakidwa pachulu, nde timapanga tokha. Ndimatenga katoni ya sopo nkudula zidutswa zofanana, mkati ndimamata mapepala oyera ndi phala la ufa wa chinangwa lophika mopyapyala, zikauma ndimaboola ndi msomali nkusoka ndi singano yosokera matumba ija, ulusi wake womasula pa thumba la feteleza. Buku lotere olo mwana alikoke bwanji siling'ambika, amangoliluma mmakona.

Nkhani zake zimachokera kwa apongozi anga. Iwo sukulu sanapiteko koma akangoti padangokhala ana onse tili tonse, mpaka a nyumba zoyandikana amabwera. Nde mwana wanga wamkulu wa Sitandade 6 ndi amene amajambula ndi makrayoni, ine nkulemba chiganizo chimodzi pansi pa chithunzi chilichonse ndi maka, malembo akuluakulu. Loyamba tinapanga la Kalulu uja anakana kukumba nawo chitsime nkumabwera usiku kudzanyenga alonda ndi uchi. Fisi wake anatuluka ngati mbuzi yodwala koma palibe anadandaula, ndipo nyimbo ya mnthanomo tinailemba pa tsamba lakelake, tikafika pamenepo buku limayamba laikidwa pansi anthu avine kaye. Chomwe chimandisangalatsa nchoti agogowo panopa amalitenga okha nkumawerengera adzukulu, amangoyang'ana chithunzi nkhani nkumatuluka, tsiku lililonse imasintha pang'ono ndipo ana amawakonza kuti agogo dzulo simunatero. Nde a bambo a kwanuwo auzeni kuti olo munthu wamkulu osadziwa lembo buku la zithunzi amalitha, nanji mwana.

Paja inu a ku Dedza zojambula muli nazo pakhomo. Ku Chongoni kuja m'mapanga muli zithunzi za makolo, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, malo 127, a bungwe la UNESCO anawaika pa mndandanda wawo wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2006, koma ana ambiri a pa boma pomwepo sanakaoneko ku Chentcherere olo ku Mphunzi. Kuno ku Mua ku malo a zachikhalidwe a Kungoni nako zojambula ndi zosema zili mbwee. Ine zimandiwawa kuti aluso tili nawo chonchi koma timabuku ta ana tokongola tojambulidwa ndi anthu akwathu nkosowa pamsika, zikwangwani za ma saluni ndi ma butchala ndiye amajambula bwino zedi.

Chenjezo limodzi, musasunge pansi kapena pawindo. Chiswe ndi makoswe amakonda phala lija, komanso kwanuko ndi chinyontho cha Juni ndi Julaye mapepala amachita nkhungu. Ine ndimaika mu jumbo nkutsekera mu ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro.

Make_Tada (Dedza boma)

Eee koma ndiye mwandithandiza abale, zikomo nonse. A Mjoni ndalowa pa African Storybook paja ndapezadi, tinaonera pafoni usiku kamwanako mpaka kukana kugona, kakuti ndibwereze ya nkhuku. Bambo ake anayamba ndi kung'ung'udza za bandulo kenako ndinangoona asendera pafupi akufunsa nawo kuti ndiye zinatha bwanji kkkk. Kwa ahedi ndipita Lachisanu. A NaPhiri za katonizo tiyesa weekend ino, amayi anga ali ku Bembeke nthano ali nazo zambiri ndiwaimbira. A Madala a kaunjika aja sinditaya, chimbalangondo chikhalebe.

Kafunso kena, ku steshonale andiuza kuti kuprinta kwa kala mtengo wake ndi wokwera kwambiri kuyerekeza ndi kwa blaki, tsamba lililonse. Kodi ndikaprinta blaki mwana sataya chidwi?

Mjoni_waku_Lizulu

Printani blaki yomweyo asisi, kala ingokhala pa chikuto ngati ndalama ilipo. Musankhe nkhani za zithunzi zowala zopanda mdima wambiri kumbuyo, apo ayi tsamba limatuluka bii ndipo a steshonale amadandaula inki. Muwauze aike masamba awiri pa pepala limodzi mbali zonse, mapepala amachepa. Kenako mugulireni makrayoni apake yekha, koma mumubisire wamkuluyo poti anga anamenyana polimbirana kupaka tambala.