Utsi wa boyila yathu: timvere ofesi iti?

Wa Matabwa ku Luwinga: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Tili ndi boyila yotenthetsera uvuni woumitsira matabwa, ndipo timasonkhezera zidutswa za paini ndi utuchi. Posachedwapa kwatifikira alendo ochokera m'maofesi atatu. Oyamba anati fumbi lachuluka m'shedi, tiike fani, ndipo tinaikadi. Achiwiri abwera ndi dandaulo la anthu oyandikana nafe, ati zovala zikumada pachingwe. Achitatu akufuna lipoti la zimene zikutuluka pa chumuni. Abwana akufunsa kuti timvere ndani, poti ndalama zake si zamasewera.

Mayi wa Sefute: Achimwene, muwamvere onse, chifukwa aliyense wagwira lamulo lake. A zantchito amayendera Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997, ndipo iwo amaona mpweya umene wantchito akupuma m'shedimo komanso ngati boyilayo ikupimidwa. A khonsolo amabwera ndi Public Health Act pamodzi ndi malamulo a mzinda, nkhani yawo ndi zosowetsa mtendere anthu oyandikana nanu. Zotuluka pa chumuni zili pansi pa Environment Management Act ya 2017, imene inalowa m'malo mwa ya 1996 n'kukhazikitsa MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe. Miyezo yeniyeni imalembedwa ndi a MBS, bungwe loona za miyezo m'dziko muno.

Wa Matabwa ku Luwinga: Ndiye malayisensi ndi malipoti azingochulukana chonchi, mayi?

Injiniya Wopuma: Mphwanga, mapepala ayambe adikira. Faniyo ikutulutsira kuti fumbilo?

Wa Matabwa ku Luwinga: Kuseri kwa shedi, adada. Tinaboola khoma chakumpanda.

Injiniya Wopuma: Basitu, mlandu wachiwiriwo wabadwa pa woyamba. Mwasesa m'nyumba n'kukataya pakhomo pa mnzanu. Fani siichotsa fumbi, imangolisamutsa. Pakamwa pake pakufunika cyclone, chija chimgolo chosongoka kunsi: mpweya umazungulira m'kati, fumbi lolemera limagwera m'thumba pansi, mpweya n'kutulukira pamwamba. Tifumbi tosalala kwambiri timapulumukabe, koma zambiri zogwera kuseri kwa mpandazo zitha.

Tsono utsiwo ndikukayikira nkhuni zanu. Paini wongocheka kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukaponya m'boyila, moto umayamba waumitsa madziwo, kutentha kumatsika, ndiye utsi tolotolo. Ikani dzanja m'mulu wa utuchi wanuwo. Ukamamatirana ngati gaga wonyowa, yankho ndi limenelo. Mangani denga la nkhuni ziyambe zauma, ndipo wosonkhezerayo asamakhuthule wilibala yonse kamodzi, azithira pang'onopang'ono mpweya uzilowa. Mvula ya kuno ku Mzuzu imachedwa kusiya, nkhuni zapabwalo sizimauma n'komwe.

Wa Khofi: Ndionjezepo za nyengo. M'mawa wa Juni ndi Julayi nkhungu ikagwira, utsi sukwera, umangoyenda chapansipansi kulowa m'makomo mwa anthu. Ife tinasuntha nthawi yoyatsa, timadikira dzuwa liwombe kaye, ndipo madandaulo anachepa osagula kalikonse. Komabe ine ndimaona kuti boma likanangoika khomo limodzi, fomu imodzi, oyendera azibwera tsiku limodzi.

Mayi wa Sefute: Khomo limodzilo tonse timalilakalaka, bambo, koma poliyembekezera dzipangireni nokha pakampani. Fayilo ikhale imodzi. Tsamba loyamba lembani paliponse potuluka utsi kapena fumbi: chumuni, fani, jenereta ya dizilo ija mumalizira magetsi akazima, ngakhale mulu wa utuchi ngati mumautentha (musiye zimenezo, chonde). Pambali pa chilichonse lembani lamulo lokhudza malowo, chimene mukuchitapo, ndi dzina la woyang'anira. Malamulo awiri akakumana pa chinthu chimodzi, tsatani lokhwimalo, linalo mwalikwaniritsa kale. Ngati munalembetsa ESMP (chikalata cha ndondomeko yosamalira chilengedwe ndi anthu) pomanga fakitale, yambirani pamenepo, chifukwa zimene munalonjeza m'menemo ndi zimene adzakufunseni.

Chinanso, woyendera aliyense mumupemphe mwaulemu akulembereni malangizo ake, atchule ndi gawo la lamulo. Akabwera wina mumuonetse kalata ya mnzake musanagule chitsulo chilichonse.

Injiniya Wopuma: Ndipo opima chumuni musawaitane panopa, mungolipira lipoti lokutsutsani nokha. Konzani nkhuni ndi cyclone kaye. Mukamawaitana, apime zonse ulendo umodzi, pa chumuni, m'shedi ndi pampanda, lipoti lomwelo lipite konse kutatu.

Wa Matabwa ku Luwinga: Koma ofuna lipotiwo anatipatsa tsiku, ndipo denga la nkhuni silingathe msanga chotero.

Mayi wa Sefute: Alembereni tsikulo lisanakwane, muikemo zimene mukukonza ndi masiku ake, mupemphe akuwonjezereni nthawi. Kopi ina ipite kukhonsolo.

Wa Matabwa ku Luwinga: Kalatayo ndilemba mawa. Adada, cyclone-yo owotcherera a kuno angaipange, kapena mpaka ku Blantyre?

Injiniya Wopuma: Angathe, bola muwapatse miyezo yolondola, akangoyerekeza fani imatsamwa. Tumizani chithunzi cha kachitsulo kolembedwa pa mota ya faniyo ndi kukula kwa paipi, ndikuwerengereni.