Mwana uja wayamba kuwamva masamu a liwiro

Zikomo nonse amene munandiyankha mwezi watha nditafunsa za mwana wanga wa Fomu 1, yemwe masamu a liwiro, mtunda ndi nthawi ankamuzunguza mutu. Ena munati ndimupezere mphunzitsi wapadera, koma thumba silinalole. Ndinatsatira malangizo a mayi aja amene anati ndizimupangira mafunso kuchokera ku zombo zakale zoyenda ndi mphepo, popeza mnyamatayu amakonda mbiri yakale.

Tinayamba ndi Mayflower, chombo chomwe chinanyamuka ku Plymouth, ku England, mu 1620 ndi anthu apaulendo 102, n'kukhala panyanja masiku 66. Masikuwa ndi maola angati? Anapeza 1,584. Nanga aliyense akanamwa malita awiri a madzi patsiku? Anawerengera yekha mpaka 13,464, kenako n'kuyamba kufunsa kuti migolo yonseyo ankaiika pati. Tsopano mafunso akupeka yekha.

Chomwe chinandipunthwitsa ine ndi knot, muyeso wa liwiro la zombo. Ndinkaiyesa kilomita imodzi pa ola, chonsecho ndi makilomita 1.852. Chombo choyenda ma knot 5 tsiku lathunthu chimadutsa makilomita pafupifupi 222, osati 120 monga ndinalembera. Wondigwira anali mwana yemweyo. Musanayambe, lembani nambala ya 1.852 imeneyi pamwamba pa kope.