Kodi tchati chingasokeretse munthu ngati manambala ake ndi oona?

Mphunzitsi wa masamu:
Sabata yatha wophunzira wanga wa Fomu 3 anandifunsa ngati tchati chingasokeretse munthu pamene manambala onse olembedwapo ndi oona. Ndinamuyankha kuti inde, koma ndinasowa chitsanzo chenicheni chomuonetsa. Ndithandizeni, chonde.

Nachisale:
Aphunzitsi, yambani ndi pomwe mizati ya tchati yayambira. Mu 2012 wailesi yakanema ya Fox Business ku America inaonetsa kuti msonkho wa anthu opeza ndalama zambiri, womwe unali pa 35 peresenti, ukwera kufika pa 39.6 peresenti. Manambalawo anali olondola, koma mizati inayambira pa 34 osati pa ziro, kotero kuti mzati wachiwiri unatalika kuposa woyamba koposa kasanu. Woonera amene anangoponyapo diso anachoka ndi maganizo oti msonkho ukwera moopsa. Auzeni ana ajambule mizati iwiriyo kuyambira pa ziro, ndipo adzaona okha kuti kusiyana kwake n'kochepa.

Wolemba nkhani wopuma:
Chimene chimandikhudza ine ndi tchati cha bungwe lofalitsa nkhani la Reuters cha mu 2014, chokhudza anthu ophedwa ndi mfuti ku Florida, chigawo china cha ku America. Ziro anamuika pamwamba, manambala n'kumakula chotsika. Chigawocho chitakhazikitsa lamulo la mu 2005 lolola munthu kudziteteza ndi chida popanda kuyamba wathawa, imfa zinachuluka, koma mzere pa tchaticho unaoneka ukutsetsereka pansi, ndipo ambiri anamva ngati lamulolo lapulumutsa miyoyo. Wojambulayo ankafuna kuti utoto wofiira wa pa tchaticho uoneke ngati magazi akuchucha, ndiye sindikhulupirira kuti anali ndi cholinga chonamiza anthu. Komabe maso athu anazolowera kuti chokwera ndicho chochuluka, ndipo wojambula sayenera kunyalanyaza chizolowezi chimenechi.

Gondwe wa ku Ekwendeni:
Musaiwale mapu a zotsatira za chisankho. Boma lililonse likapakidwa mtundu wa amene wapambana, diso limayeza kukula kwa malo, pamene voti amaponya ndi anthu. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, koma Lilongwe ili ndi anthu ochuluka kwambiri kuposa Mzimba, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza kuti chigawo chonse cha Kumpoto chili ndi anthu pafupifupi 13 pa 100 alionse a m'dziko muno.

Mphunzitsi wa masamu:
Zikomo kwambiri nonse. Lolemba ndiyamba ndi mizati ija, Mayi Nachisale, chifukwa ana angathe kuiyeza okha ndi rula.