Cheke nambala 41 chapita kuti?

Mayi a Mpunga: Mwaswera bwanji nonse. Ine kuno ku Jali sindinaswere bwino. Mndandanda wa ngongole umene alembi a gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama anatumiza pa WhatsApp pano dzulo madzulo, pa dzina langa palembedwa K880,000. Ine ndinatenga K400,000 basi, kuphatikiza chiwongoladzanja cha mwezi umodzi ikhale K440,000. Inayo yachokera kuti? Bambo a kunyumba aona, ndipo pakhomo pano palibe mtendere, akuti ndinatenga ndalama ina mobisa.

Wapampando: Pepani achemwali, mtima pansi. Alembi, tayankhani.

Mlembi: Amayi pepani kwambiri, ndaona pamene panalakwika. Munalembedwa kawiri, cheke 41 cha pa 3 ndi cheke 43 cha pa 10 mwezi watha. Ndakonza kale usiku womwewo. Nawu mndandanda watsopano, muli pa K440,000.

Mayi a Mpunga: Mwakonza mwakachetechete, koma manyazi munandipatsa pagulu.

Bambo a Golosale: Dikirani kaye. Ndatsegula watsopanowu. Macheke akuyenda 39, 40, 42, 43. Nambala 41 ili kuti? Dzulo inalipo ndi K400,000, lero yasowa ngati sinakhaleko. Alembi, mwachita chiyani?

Mlembi: Ndafufuta achimwene. Chinali cheke cholakwika, ku banki anachikana.

Bambo a Golosale: Ndiye munthu mmodzi, usiku, ali yekha ndi laputopu, angathe kufufuta K400,000 m'buku la anthu 24? Sindikunena kuti mwaba. Ndikufunsa kuti lero mwafufuta cholakwika, mawa wina akafufuta cholondola tidzadziwa bwanji? Kale tili ndi kope lathu lija, polakwika tinkadula mzere umodzi, zolembazo n'kumaonekabe, awiri n'kusayina pambali. Tsamba sitinkang'amba.

Msungichuma: Ndifotokoze ine chifukwa dzanja lolakwa ndi langa. Pa 3 paja ndinalemba macheke awiri, 41 cha amayi a ku Jali ndi 42 cha ngongole ina. Pa 41 manambala ndinalemba bwino, 400,000, koma pa mzere wa mawu ndinasiya liwu loti thousand. Ine ndi amayi apampando tinasayina osaona. M'mawa mwake amayiwa anapita ku banki m'tauni muno, anawabweza kuti mawu ndi manambala sizikugwirizana. Tinadikira msonkhano wa pa 10, n'kulemba 43, chimenecho ndiye anatapa. Ku akaunti kunachoka K400,000 kamodzi kokha. Sitetimenti ndili nayo.

Agogo a Makiyi: Ana inu, ine za makina sindizidziwa. Ndingofunsa, pepala lakelo lili kuti? Lija munasayina awiri lija.

Msungichuma: Kwa ine kulibe agogo. M'buku la macheke mwangotsala kachidutswa kake.

Mayi a Mpunga: Anandibwezera pa kauntala, ndinaika m'chikwama. Palibe anandiuza kuti ndibweze. Ndifufuza.

Aphunzitsi: Ndalowa mochedwa, ndinali ku tchalitchi ku Matawale. Ndawerenga zonse. Mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa GnuCash, pulogalamu imene timalembera ndalama za gulu mu laputopu, ndinaibweretsa pagulu ndine, ndipo mwanayu sindinamuphunzitse mbali imeneyi.

Mu GnuCash muli njira ziwiri zochotsera cheke chimene sichinagwire ntchito, ndipo sizofanana. Ina ndi Delete. Imeneyo imachotsa mzere wonse, tsiku, nambala, dzina, ndalama, osasiya ndi phazi lomwe. Ndi imene alembi anadina. Inayo ndi Void. Ukasankha imeneyo pulogalamu imayamba yakufunsa chifukwa, ulembe. Ikatero mzere umakhala pomwepo, tsiku lake, nambala 41, dzina la amayi, koma ndalama imasanduka ziro, ndipo m'kabokosi kaja timaonamo n kapena c mumabwera chilembo v. Aliyense wotsegula amaona kuti cheke chinalembedwa, chinakanselidwa, chifukwa chake n'chakuti. Balansi imabwerera m'malo, ngongole ya munthu imatsika, manambala a macheke amayenda osadumpha. Ndi mzere umodzi uja achimwene a golosale akunena, kungoti wa pa kompyuta. Mapulogalamu ena monga Quicken ndi QuickBooks nawonso ali ndi batani lomweli.

Delete ili ndi ntchito yake: ukalemba mzere umodzi kawiri mwangozi, kapena chinthu chimene sichinachitike n'komwe. Koma 41 chinachitika. Tsamba linachoka m'buku la macheke, anthu awiri anasayina, munthu anakwera nalo galimoto mpaka ku banki.

Mlembi: Aphunzitsi, ine ndinaopa. Nditaona kuti ndawalembera amayi ngongole iwiri ndinangofuna ichoke anthu asanadzuke. Batani la Void ndinkaliona koma sindinkadziwa ntchito yake. Tsono ndibweze bwanji?

Aphunzitsi: N'zotheka mwana wanga. Ulembenso mzerewo monga unalili, pa 3, nambala 41, K400,000, dzina la amayi. Ukatero udine Void, pa chifukwa ulembe kuti mawu ndi manambala zinasiyana, m'malo mwake tinapereka 43 pa 10. Pa mzere wa 43 uwonjezere kuti chalowa m'malo mwa 41. Koma usachite wekha. Ubweretse laputopu Lachinayi ku Chinamwali, uchite anthu akuona.

Ndiyankhenso funso la agogo, chifukwa ndi lalikulu kuposa zonsezi. Kukansela mu pulogalamu sikufika ku banki. Laputopu yathu ndi banki sizilankhulana. Pepalalo likadali ndi masiginecha awiri enieni, ndipo banki imayamba kukana cheke kuti chakalamba pakatha miyezi 6 chilembedwere. Likagwa m'manja olakwika, wina akhoza kuyesa kuwonjezera liwu losowalo. Likapezeka, tidule mizere iwiri, tilembe CANCELLED ndi zilembo zazikulu, tilimate pa kachidutswa kake m'buku. Likapanda kupezeka, osayina alembe kalata ku banki yoimitsa cheke 41, ndipo pamenepo banki imadula kandalama.

Bambo a Golosale: Zikomo aphunzitsi. Tsopano ndifunse langa. Pa 17 ndinapempha K300,000 yokaoda shuga ndi mafuta ophikira ku Limbe. Munandiyankha kuti ku akaunti kwatsala K150,000 yokha, ndidikire. Nambala imeneyo munaitenga kuti? Ku banki kapena mu laputopu?

Mlembi: Mu laputopu achimwene.

Bambo a Golosale: Ndiye kuti pulogalamu inachotsera 41 ndi 43 zonse. Ndalama yeniyeni inali K550,000. Munandikaniza ndalama ilipo! Ndinakakongola kwina ya katapila, mashelefu asakhale opanda kanthu. Masabata awiri K400,000 yathu yangogona ku banki osabereka ngakhale tambala, ine ndikulipira anthu ena chiwongoladzanja choboola m'thumba. Amayi a ku Jali achita manyazi, inde, koma wataya ndalama pano ndine.

Msungichuma: Alamu, pamenepo ndilibe chokana. Uthenga wa balansi umabwera pa foni yanga. Ndinaona kuti ikuchuluka kusiyana ndi ya alembi, koma ndinaganiza kuti pali cheke china chimene mwiniwake sanakatape.

Aphunzitsi: Kuganiza kumeneko sikolakwika pakokha, cheke chosatapidwa chimasiyanitsadi balansi ya m'buku ndi ya ku banki. Chofunika ndi kufunsa kuti cheke chake ndi chiti, cha ndani. Mukanayala sitetimenti pambali pa laputopu n'kumachonga mzere ndi mzere, 41 chikanatsala chokha chosachongedwa, ndipo mukanakumbukira tsiku lomwelo. Mwayi wake taona tsopano. Zikanadutsa Disembala titagawana, bwenzi masheya a aliyense atawerengedwa pa ndalama yolakwika, ndipo buku lotsekedwa sitibwereranso kukalisintha, timalemba mzere watsopano wobweza ndalamayo m'chaka chatsopano.

Mayi a Mpunga: Popeza tayamba kuwerengerana, nanenso ndiwerenge. Mndandanda watsopanowu ukuti ngongole yanga inayamba pa 3. Ine ndalama ndinaigwira pa 11, nditatapa cheke cha pa 10. Sabata yonseyo ndinali chimanjamanja. Alimi a ku Likangala amene ndinagwirizana nawo sanandidikire, mpunga anagulitsa kwa ena, ndinakagula wotsala pa mtengo wokwera. Thiransipoti ndinalipira kawiri, Jali mpaka m'tauni ndi kubwerera. Ndiye ndilipirenso chiwongoladzanja cha masiku amene ndinali ndi pepala lopanda ntchito m'chikwama?

Bambo a Golosale: Malamulo athu amati ngongole imayamba tsiku limene gulu lavomereza. Ndalamayo inasungidwira inu kuyambira pa 3, palibe wina akanaitenga.

Mayi a Mpunga: Inasungidwira ine kuti? M'manja mwanga munalibe. Achimwene, inu mungamulipiritse munthu shuga amene simunamupatse, chifukwa choti munamuikira pambali?

Bambo a Golosale: Tikayamba kupinda malamulo lero, aliyense wochedwa kukatapa cheke chake azidzati muwerenge kuyambira tsiku limene ndinapita ku banki.

Agogo a Makiyi: Wochedwa yekha ndi wina, wochedwetsedwa ndi ife ndi wina. Mwanayu anapita m'mawa mwake, anakabwezedwa chifukwa cha dzanja lathu. Lamulo tinaliika kuti litchinjirize gulu kwa munthu wozengereza. Apa wozengereza palibe.

Aphunzitsi: Ndikugwirizana ndi agogo, ndipo bukunso litero. Cheke 41 chikakanselidwa ndi ziro, ziro sabereka chiwongoladzanja. Ngongole yamoyo ndi ya cheke 43, tsiku lake ndi 10. Sindikunena 11 amayi, chifukwa pa 10 munalandira cheke chabwino, ndipo pamenepo lamulo lija la achimwene likugwira.

Mayi a Mpunga: Pa 10 ndavomera. Nanga thiransipoti?

Msungichuma: Ulendo woyambawo ndibweza ine m'thumba mwanga. Isachoke ku thumba la zadzidzidzi, limenelo ndi la matenda ndi maliro. Wosiya liwu ndine.

Wapampando: Nanenso ndinasayina osawerenga, tigawana pakati. Ndamva mbali zonse, ndipo izi ndi zimene ndikabweretse Lachinayi kuti gulu livote, chifukwa pa WhatsApp pano tilipo ochepa, ena alibe bandulo. Ngongole ya achemwali iyambire pa 10. Alembi abweze 41 n'kuchikansela pamaso pa onse. Kuyambira pano cheke cholakwika chizibwerera kwa asungichuma tsiku lomwelo kapena msonkhano wotsatira, ndipo china sichilembedwa choyambacho chisanaoneke. Sitetimenti iziwerengedwa mokweza kumapeto kwa mwezi pamodzi ndi balansi ya mu laputopu. Achemwali, ngati bambo a kunyumba akufuna, ndiwaimbira ndekha usiku uno kuwafotokozera.

Mayi a Mpunga: Muwaimbire amayi, mawu anga okha sakuwamva. Ndipo alembi alembe pagulu pano momveka kuti sindinatengepo K800,000. Anthu ena anangoona mndandanda woyamba uja basi.

Mlembi: Ndikulemba pano kuti onse aone. Amayi a ku Jali anatenga ngongole imodzi yokha, K400,000, pa cheke 43. Mndandanda wa dzulo unali wolakwika, ndipo wolakwitsa ndine. Pepani amayi.

Bambo a Golosale: Za amayi zatha bwino. Zanga sindinamve. Pepani sapoletsa chilonda. Chiwongoladzanja chimene ndalipira kunja abweza ndani?

Wapampando: Achimwene, ngongole ya kunja gulu silingalipire, sitinatumeko munthu. Chimene ndingathe ndi ichi: Lachinayi mukhale woyamba pa mzere, K300,000 yanu ituluke wina asanapemphe, mukatseke katapilayo.

Bambo a Golosale: Kukhala woyamba ndi ufulu wanga kale, ndinapempha pa 17. Ine ndikufuna mwezi woyamba ndisalipire chiwongoladzanja. Ndi K30,000. Ndidzanena ndekha pamsonkhano, anthu avote.

Agogo a Makiyi: Mudzanene, tidzamva. K30,000 imeneyo ndi ya anthu 24, ayankhe eni ake.

Wapampando: Ndailemba pa zokambirana. Asungichuma mubwere ndi buku la macheke lonse ndi sitetimenti ya miyezi itatu, tichonge kuyambira nambala 30.

Mayi a Mpunga: Pepala lija ndalipeza, linali m'kati mwa kabuku kanga ka masheya. Nachi chithunzi, nambala 41 ikuoneka bwino. Ndililembe ndekha CANCELLED kapena ndidikire?

Aphunzitsi: Dulani mizere iwiri pompano, mulembe ndi bolopeni, mutumizenso chithunzi. Pepalalo mubwere nalo Lachinayi, 2 koloko.