Zochitika za ana, ulendo ndi alendo zagwera sabata imodzi, nditani?

Makolo anzanga, ndithandizeni nzeru. Chilimwe changoyamba kumene koma kwathu zinthu zathinana. Mwana wamkulu ali ndi mwambo wotsazikana kusukulu kwake, wamng'ono ali ndi mpikisano wa masewera tsiku lomwelo, sukulu zakenso n'zotalikirana. Mawa lake tikuyenera kunyamuka ulendo wautali wokaona agogo awo, omwe akudwaladwala masiku ano, ndiye ulendowu sitingauimitse. Pamwamba pa zonsezi, alamu anga ati abwera ndi banja lonse sabata yomweyo. Kuwakaniza ndikuopa, paja sabwerabwera.

Inu mumagawana bwanji ana awiri akamafuna kuti nonse mukhalepo? Wamng'onoyu sachedwa kudandaula kuti timakondera. Nanga alamuwa ndiwauze bwanji kuti asinthe tsiku, osaoneka ngati sitikuwafuna pakhomo?